Vinyo wa Masuku ndi Khomo Lolakwika

Kalata ija inafika Lachinayi, itapindidwa kanayi, m'manja mwa mayi wina wa m'mudzimo amene anapita ku Boma kukagulitsa miphika. Enifa anakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe. Atamaliza anaibwereza, kuti mwina mkwiyo unamudumphitsa mzere wina.

"Wokondedwa Enifa, Loweruka masana ubwere kwa a Stafford Makwakwa, kunyumba yodyerako ija ya kuseri kwa msika. Uvale diresi lako labuluu. Nkhani yathu ndaikonza. Ndine wako, Bennet Kwenda, Kalaliki."

Kalaliki, mlembi wa pa Boma. Ngati kuti pa Mzimba panali a Bennet Kwenda asanu ndi awiri, ndipo iye akanatha kuwasokoneza.

Panali patapita masabata atatu chilonjezere Bennet kuti atuma thenga, munthu wokagogoda m'malo mwake pakhomo pa a Hara, bambo ake a Enifa. Masabata atatu Enifa akusesa bwalo kawiri pa tsiku, galu akangouwa iye n'kutukula mutu. Nkhaniyo sinali yamasewera. A Hara anali Mngoni wa ng'ombe zake, ndipo poyamba sankafuna kumva n'komwe za Mchewa wa ku Kasungu wopanda ndi mbuzi yomwe, amene chuma chake chonse chinali cholembera ndi njinga. Amayi ake a Enifa, NyaChisi, anatha chilimwe chonse akufewetsa mtima wa amuna awo, mawu amodzi lero, ena mkucha, monga momwe amafewetsera chikopa cha ng'ombe. Mwezi wathawo a Hara, akusema mpini, ananena osayang'ana munthu kuti, "Atume thenga lake. Timve."

Khomo linali litatseguka pang'ono chotero, ndipo mwini ulendo m'malo molowa ankaitanira anthu kukadya.

"Pita," anatero NyaChisi Enifa atawauza. "Usenze masuku, adada ako aziti wapita kumsika. Ukamufunse tsiku lotuma thengalo. Usabwereko wopanda tsiku, wamva? Adada ako satsegula khomo kawiri."

* * *

Inali nyengo ya masuku. Kuchokera ku Edingeni mpaka ku Manyamula mitengo yonse inali itayoyoka, ndipo akazi ankalowa m'Boma m'mizeremizere, madengu pamutu, ambiri a iwo akulunjika kwa a Stafford.

Bamboyu anakhala zaka zambiri ku Kepi, kuminda ya mphesa, akuperekera zakudya patebulo la Mabunu. Anabwerako ndi jekete loyera, bokosi la matambula agalasi, ndi chikhulupiriro chakuti masuku a ku Mzimba saperewera kanthu pa mphesa. Ankawafinya, kuwasunga masabata angapo m'mbiya zomata pakamwa, kusefa pansalu, n'kuthira m'mabotolo. Munthu akalakwitsa n'kunena kuti mowa, ankamulozera khomo. Ameneyo anali vinyo. Amithenga a pa Boma ankamwa, obwerera kuchokera ku Joni ankamwa, ngakhale ena a mumpingo amene sakanakhudza chipanda cha mowa wa mawere ankalowera khomo lakuseri, poti vinyo ndiye analembedwa m'Buku.

Enifa anatula dengu lake kuseriko, thukuta likuyenderera m'khosi. Amene anabwera kudzalandira anali Cecilia, mwana wamkazi wa a Stafford, mtsikana yekhayo pa Boma wovala nsapato pakati pa sabata.

"Monire, NyaHara. Mwabwerera masuku kapena zina?"

"Masuku ndi awa. Zinazo si zanu."

Cecilia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzidendene zong'aluka. "Diresi labuluu potola masuku. Kwanu kwatukuka chomene." Anatola suku limodzi, n'kulifinya, n'kulitaya. "A Kwenda ali m'kati. Amadya kuno tsiku lililonse, paja mukudziwa. Mchere wawo ndikuudziwa, khungu la nkhuku sadya, tiyi amafuna wozizirako. Mukadzafuna kuphunzira mudzandifunse."

"Wowaphikira ali naye, ndaona," anatero Enifa. "Akusowa mkazi basi."

Cecilia anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wosunga kanthu m'tsaya.

* * *

M'katimo munali matebulo anayi, ndipo limodzi lokha ndi limene linali ndi nsalu. Bennet anaimirira atamuona, tsitsi atalipesa mzere pakati, kolala itamugwira pakhosi ngati mbuzi yopita kumsika. Anali wooneka bwino ndithu, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera Enifa mkwiyo. Anamukokera mpando.

"Khala apa."

"Pampando? Amuna onsewa akuona?"

"Kuno ndi kwa a Stafford. Akazi amakhala pampando."

Anakhala m'mphepete mwake, ngati nkhuku pachisa cha eni. "Thenga lili kuti, a Bennet?"

"Wangofika kumene. Sunamwe ndi madzi omwe."

"Madzi ndamwa kumtsinje. Thenga lili kuti? Adada anati mutume. Mukudziwa mmene amama anavutikira kuti mawu amenewo atuluke?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinafune kuchita zachibwana. Ine kuno ndilibe m'bale, Enifa. Ndikanatuma ndani, wophikira Mzungu? Ndinkafuna njira yaulemu, ndipo ndaipeza."

"Njira yake iti?"

"Dikira pang'ono. Uona."

Ndi pamene Enifa anaona kuti mbale patebulopo zinali zitatu.

Asanafunse, a Stafford anatulukira ndi botolo atalikulunga m'kansalu ngati khanda. Anathira m'tambula la Enifa poyamba, mpaka pakati basi.

"Madamu, musamwe ngati thobwa. Yambani mwanunkhiza. Kenako pang'ono, lilime limve. Awa ndi masuku a ku Edingeni, a m'mitengo ya pamiyala. A ku Manyamula ndi ozuna chabe, alibe ukali."

Enifa ananunkhiza, chifukwa bamboyo anali ataima pamutu pake akudikira. Anamwa pang'ono. Vinyoyo anayamba ngati suku lakupsa lotoledwa ndi mame, kenako anatembenuka pakhosi n'kutsika ndi kamoto mpaka pamchombo. Anali wokoma. Enifa sanafune kuti akome.

"Bwanji?" anafunsa Bennet.

"Masuku owola," anatero, n'kumwanso.

"Odi kuno! Mwana wa mlongo wanga ali kuti?"

Mawuwo anawadziwa asanatembenuke. Anatsetsereka pampando n'kugwada pansi, tambula lili m'manja. Pakhomo panali pataima a Mateyu Chisi, mlongo wawo wa amayi ake, atavala chikhoti chankhondo chimene anabwera nacho kuchokera ku utengatenga, kosenzera asilikali katundu pankhondo ya Jeremani, kumwetulira kutafika m'makutu.

Kwa a Hara dzina la a Mateyu silinkatchulidwa. Enifa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, a Mateyu anabwera kudzamutenga kuti akalere khanda kwawo, akunena kuti mwana wa mlongo wawo sangachite kumupempha. A Hara anawaperekeza ndi chibonga mpaka kudambo. Kuyambira tsikulo amuna awiriwo akakumana pamaliro, wina ankaima kumutu kwa manda, wina kumiyendo.

"Monire, asibweni," anatero Enifa, maso ali pansi.

"Yewo, yewo! Dzuka, mama, khala pampando wako. Taonani, a Stafford, magazi a kwa Chisi ali pampando ngati dona!"

Enifa anadzuka n'kuweramira kwa Bennet. "Mwawaitana ndinu?"

"Ndine," anatero Bennet, nkhope ikuwala.

"Tiyeni panja. Tsopano lino."

"Chakudya chikubwera, Enifa. Usachite manyazi."

Cecilia analowa ndi nkhuku yootcha ndi mbatata ya kachewere, n'kuyala mipeni ndi mafoloko. A Mateyu anakankhira foloko pambali n'kupinda mkono wa chikhoti. Bennet anafunafuna nthutumba m'mbalemo, n'kuiika pamaso pawo ndi manja awiri. A Mateyu anaiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana Bennet, ndipo Enifa anaona m'maso mwawo kuti iwo ankadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika. Patebulo lonselo wosadziwa anali mmodzi yekha, ndipo anali akuimirira kuti alankhule.

"A Bennet, ndapota, khalani pansi."

Bennet anamugwira paphewa ngati akutonthoza mwana. Anakonza kolala.

"Atsibweni, ine ndine mlendo m'dziko lino, koma amayi anga anandilera ndi mwambo. Ndaona mbeta m'mbumba mwanu. Sindinafune kulowera pazenera ngati wakuba. Kwathu timati nkhani yotere siyambira kwa bambo, chifukwa bambo ndi mlendo pamudzi. Mwini mbumba ndi inu. Ndiye ndabwera kwa inu."

Pamatebulo enawo anthu analeka kutafuna. A Stafford anaima ndi botolo m'mwamba.

A Mateyu anaika dzanja kukhutu. "Makutu anga ndi akale, mwana wanga. Mizinga ya Jeremani inawawononga. Mwati bambo ndi chiyani?"

"A Bennet!" anatero Enifa.

"Ndati bambo ndi mlendo pamudzi," anabwereza Bennet mokweza, liwu ndi liwu, monga amawerengera kalata pamaso pa Mzungu. "Mwini mwana ndi inu."

A Mateyu anadzuka, mafuta a nkhuku akunyezimira pazala, n'kukweza tambula lawo.

"Mwamva nonse? Zatengera munthu wophunzira, wa ku Kasungu, kuti anene chimene ine ndakhala ndikunena zaka zonsezi. Mnyamata iwe, wagogoda pakhomo lenileni. Mwanayu ndakupatsa. Ine Mateyu Chisi, mwini wake, ndakupatsa! A Stafford, thirani!"

Pakhonde panamveka mpando ukukankhidwa. Pazenera lopanda galasi panaonekera nkhope imene Enifa sanaione pofika, poti analowera kuseri. Anali a Gordon Hara, mng'ono wawo wa bambo ake. Anaika tambula lawo pazenerapo, vinyo ali momwemo.

"Yewo, a Chisi," anatero mofatsa. "Ndamva. Ndikafikitsa."

Kanthawi pang'ono kunamveka belu la njinga likutsikira kumsewu wa ku Manyamula.

* * *

Enifa anatulukira khomo lakuseri, Bennet ali pambuyo. Anaima pakati pa mbiya za a Stafford, fungo la masuku owira likutsamwitsa.

"Mwatukwana adada."

"Ndawatukwana bwanji? Ine ndalemekeza banja lako!"

"Adada anapereka ng'ombe kwa a Chisi. Ng'ombe zamoyo, zoyenda ndi miyendo, midzi iwiri ikuona. Kuyambira tsiku limenelo amama ndi a kwa Hara, ine ndine wa kwa Hara, ndi ana amene sanabadwe omwe. Munthu wopita kwa asibweni kukapempha mwana akunena kuti bambo wa mwanayo sanalowole, anangotola mkazi panjira ngati nkhuni. Inu mwanena zimenezo kawiri. Mutaimirira. Kachiwiriko mokweza."

Nkhope ya Bennet inagwa. "Za ng'ombe ndimadziwa. Ndinkati tikambirana pambuyo pake, atsibweni akatitsogolera kwa bambo. Sindinadziwe kuti..."

"Chaka chathunthu muli pa Mzimba! Mumalemba mayina a midzi yonse m'mabuku a Mzungu, koma simunafunse munthu ndi mmodzi yemwe kuti kuno mwana ndi wa yani?"

"Ndinafunsa."

"Munafunsa ndani?"

Bennet anangoyang'ana kukhitchini. Cecilia anali atatsamira pakhomo, akupukuta mbale imene inali youma kale.

"Anandifunsa kuti asibweni a NyaHara ndani, amakhala kuti," anatero. "Ndinawauza. Ndikananama?"

"Munati ndi nzeru yabwino," anatero Bennet.

"Ndinatero. Mlendo wodya kwathu sitimutsutsa, adada amakana."

"Nanga adada a Gordon?" anafunsa Enifa.

"Loweruka lililonse amadutsa pano ndi zikopa. Lero ndinawaitana kuti alawe vinyo watsopano. N'kulakwa kupatsa munthu mpando pakhonde?"

Enifa anaona kuti tambula lija linali lidakali m'manja mwake. Anaganiza zoliphwanya pankhope yosalalayo, koma tambulalo linali la a Stafford, ndipo a Stafford sanamulakwire. Anayandikira, n'kuthira vinyo wotsalayo pang'onopang'ono pansapato za Cecilia, yakumanja, kenako yakumanzere. Anaika tambulalo bwinobwino pamwamba pa mbiya.

"Munati tiyi amafuna wozizirako?" anatero. "Muziwawuzira. Nzeru zawo zinapsa kale."

Anatola dengu lake n'kutuluka. M'katimo a Mateyu anali atayamba nyimbo.

* * *

Bennet anamupeza atawoloka kale mtsinje.

"Kwera, Enifa. Tikathamanga tiwapeza a Gordon asanafike."

"A Gordon akapalasa sagwidwa ndi kalaliki. Ndipo ine ndilowe m'mudzi nditakhala panjinga ya mwamuna, lero lomwe lino? Mukuona ngati moto wachepa?"

Bennet anatsika panjingapo n'kuyamba kuikankha pambuyo pake. Anayenda chotero mtunda wautali, iye patsogolo, njinga ikulira kwii, kwii kumbuyo. Dzuwa linali likuswa mtengo. M'mbali mwa njira masuku anali atagwa mbwee, ntchentche zikuwazungulira.

"Ulankhule kanthu," anatero Bennet.

"Mwadya nkhuku, mwamwa vinyo, mwakwatira asibweni. Bwererani mukawasamale."

"Usandinyoze chotero."

"Ndikunyozeni bwanji? Ndiuzeni mmene amanyozera kwanu, mwina kumeneko n'kulemekeza."

Njinga inaima. Enifa atacheuka anaona kuti naye wakwiya, kolala ataimasula.

"Kwathu chimene ndachita ndi ulemu waukulu! Ine amene anandipititsa kusukulu ndi mtsibweni wanga. Bambo anga anachoka ndili kumsana, ngakhale manda awo sindiwadziwa. Ndachita chimene amayi anga akanandiuza kuti ndichite. Inu Angoni mumayesa kuti dziko lonse linabadwira m'khola la ng'ombe."

"Ndiye mukakwatire kwanu. Atsikana a ku Kasungu anatha?"

"Sanathe. Koma ine ndikufuna iwe."

Ananena mwaukali ngati akutukwana. Enifa anatembenuka n'kupitiriza kuyenda, kuti asamuone nkhope.

"Masabata atatu ndakhala ndikufuna munthu wondilankhulira," anatero Bennet kumbuyoko, mawu atatsika. "Ndinapita kwa mphunzitsi, anati akudwala mwendo. Ndinapita kwa mkulu wa amithenga, anandifunsa kuti ng'ombe zanga zimamwa kuti, anzake n'kuseka. Aliyense ankati, Mchewa, kwa a Hara ukatani? A Mateyu okha ndi amene anandipatsa mpando n'kunditchula mwana wawo."

"Pamenepo ndi pamene munayenera kudabwa."

"Ndinali nditatopa ndi kusekedwa."

"Mukanandifunsa ine. Kalata mumatha kulemba. Mtundu wa diresi munaukumbukira."

"Ndinkafuna kukudabwitsa."

"Mwandidabwitsa."

Anapitiriza ulendo mpaka anayamba kuona madenga a mudzi wa kwawo kwa Enifa.

* * *

Dzuwa linali litapendeka koma likadali ndi mphamvu. Enifa anayembekeza kumva phokoso, kukuwa, mwina kulira kwa chibonga pachitseko. Anapeza mudzi uli zii. Njinga ya a Gordon inali itatsamira pankhokwe. Akazi a pamudzipo anali ataima m'makonde mwawo, manja pachifuwa.

Pabwalo, pakhomo pa nyumba ya amayi ake, panali mphasa yokulungidwa, miphika iwiri, ndi mtanga womangidwa pakamwa ndi nsalu. NyaChisi anali atakhala pafupi ndi katunduyo, akupota nkhata. Angelina, mwana wawo wotsiriza wa zaka zinayi, anali m'manja mwa akazi awo a a Gordon, akudzikoka kuti atsike.

A Hara anali atakhala pachitsa pafupi ndi khola, akukonza chingwe cha ng'ombe. Enifa anasiya dengu, n'kukwawa ndi mawondo mpaka pamtunda woyenera.

"Adada."

"Wabwera. Masuku anagulidwa?"

"Adada, ine sindinadziwe kanthu. Ndinangoona asibweni atulukira."

"Gordon wandiuza. Akuti kalalikiyo unamuletsa katatu." Anakoka chingwecho kuti aone ngati chalimba. "Uyo waima kumalire kwa bwaloyo ndani?"

Bennet anali atagwada m'fumbi, chipewa chili m'manja, njinga itagwa pambali.

"Ndi a Kwenda, adada."

"Aa, mkamwini wa a Mateyu. Akufuna chiyani pakhomo pa mlendo?"

"Bambo," anayamba Bennet, "ndalakwa kwambiri. Ndinatsata mwambo wa kwathu mosadziwa. Chilango chilichonse chimene munganene..."

A Hara sanatembenuze ndi mutu womwe. Analankhula ndi Enifa ngati kumbuyoko kwangouwa galu.

"Zaka zonsezi ndinkayesa ndili pamudzi panga. Lero ndamva kuti pa Boma, pamaso pa amithenga ndi aphunzitsi, zalengezedwa kuti ndine mlendo wodyetsa ana a eni. Mawa zifika ku Edingeni. Lamulungu ndikakhala m'tchalitchi anthu azikodolana. Chabwino. Mlendo waulemu amabweza za eni. Amayi ako akupita kwa mwini mbumba."

"Amama alakwa chiyani?" Mawu a Enifa anakwera kuposa mmene mwana amalankhulira ndi bambo ake, ndipo akazi m'makondemo anayang'anana. "Anali pano tsiku lonse! Wolakwa ndi uyo wagwada apoyo, ndi asibweni, ndi mwana wa a Stafford. Menyani ine ngati mukufuna womenya!"

"Ine ndinali nditatseka khomo langa. Amayi ako anandiuza kuti nditsegule, akuti mnyamatayo ndi waulemu. Ndinatsegula. Taona chimene chalowa."

"Nanga Angelina?"

"Ang'onoang'onowa akhala. Sanafunsiridwe."

Anaika chingwe pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso. Maso awo anali ofiira. Enifa anali asanawaonepo chotero, ngakhale chaka chimene ng'ombe zinafa ndi matenda.

"Tsiku limene udzagwada pano, abale anga onse alipo, n'kunena ndi pakamwa pako kuti za kalalikiyu zatha, tsiku lomwelo ndidzatuma Gordon akatenge amayi ako. Usanatero, uwatsatire. Unaperekedwa kale ndi mwini wako."

NyaChisi anadzuka, n'kuika nkhata pamutu. Palibe amene anabwera kudzawasenzetsa. Anadzisenzetsa okha mtangawo, osayang'ana kumene Angelina ankakuwa kuti amama, amama, n'kuyamba kuyenda.

* * *

Enifa anatola mphasa ndi miphika n'kuwathamangira. Anawapeza pamphambano ya kuseri kwa minda, pamene njira ina imapita ku Boma, ina kumudzi kwa a Chisi. Bennet anali atawadutsa n'kuima patsogolo, njinga itapingasa.

"Amama, tulani," anatero Enifa. "Ndibwerera pompano. Ndikagwada, ndikanena zimene akufuna."

"Lero ayi. Lero ukanena ndi mkwiyo, mawa udzandida ine." NyaChisi sanatule. "Adada ako amamva mawu onama ali patali."

"Amayi," anatero Bennet, atagwadanso. "Ndichite chiyani? Ndibwerera ku Boma, ndikawauza a Mateyu kuti ndabweza mawu anga. Ndikawatenga adzapepese."

NyaChisi anatembenuzira nkhope kumbali, monga amachitira mayi pamaso pa wofunsira mwana wake, n'kulankhula kudzera mwa Enifa.

"Uwauze a Kwenda kuti Mateyu sabweza chimene wapatsidwa. Ndinayamwa bere limodzi ndi iye, ndikumudziwa. Kupepesa kwa a Hara? Angalole kudulidwa mwendo. Tikangofika, mawa lomwe aviika mawere, aitana mudzi wonse. Sadzafunsa thenga, sadzafunsa ng'ombe. Adzakupereka masana dzuwa likuwala, ndipo ng'oma adzaiimbira chakuno kuti adada ako aimve."



"Mbwenu vuto lanu latha, mwana wanga," anapitiriza NyaChisi, mawu ali phee. "Palibenso wokuletsani. Ukafuna, mwezi uno usanathe udzakhala uli mkazi wa kalaliki, ukudya pampando. Ine Angelina ndizidzamuonera pamaliro."

Kumudzi kuja kulira kwa mwana kunkamvekabe, kukutha mphamvu.

"Enifa," anatero Bennet. "Nena kanthu. Chilichonse."

Enifa anamuyang'ana, fumbi lili m'mawondo mwa buluku lake loyera, mzere wa m'tsitsi utasokonekera. Ankamufunabe, ndipo chimenecho ndicho chinamuwawa kuposa zonse za tsikulo.

"Chotsani njinga yanu panjira," anatero, "amama adutse."